Zolakwa za Chingerezi zomwe zimangobwerabwera: kupeza gwero lake ndi kuzikonza

Pali anthu ambiri amene Chingerezi amachimva bwinobwino. Nyuzipepala amawerenga, nkhani za pa wailesi amatsatira, koma akalemba chimangirizo kapena kalata yofunsira ntchito, pepala limabwerako litachita kufiira ndi inki ya wochonga. Ukasanthula mapepala otere umaona kuti zolakwazo si zambiri ayi. Ndi zomwezomwezo, zimangosintha malaya. Ndipo pansi pa zambiri mwa izo pamakhala chiganizo cha Chichewa cholondola bwino, chomwe wolembayo wangochiveka mawu a Chingerezi. Mukachipeza chiganizo chobisalacho, kukonza sikuvuta.

## Musanayambe

Tengani ntchito zanu zitatu zomwe zinachongedwa kale, kaya ndi zimangirizo, makalata kapena malipoti a kuntchito. Pambali pa cholakwa chilichonse lembani chilembo chimodzi: N ngati vuto ndi nthawi ya mneni, P ngati ndi mperekezi (mawu ngati *in, on, at*), K ngati ndi kamangidwe ka chiganizo. Onani chilembo chomwe chachuluka, muyambire pomwepo. Pa cholakwa chilichonse dzifunseni kuti, kodi ndimati ndinene chiyani m'Chichewa?

## Nkhani ndi ya dzulo koma mneni ali m'nthawi yatsopano

Chizindikiro: *Yesterday we walk to the market and buy tomatoes.*

1. Khutu silikumva mathero a mawu. Ili ndiye gwero lalikulu. Mawu a Chichewa amathera ndi a, e, i, o kapena u. Mawu ngati *walked* amathera ndi k ndi t zogundana, ndiye khutu limameza t uja, ndipo chimene khutu silimva dzanja sililemba. Kuti mudziyese, wina akuwerengereni *I walk home* ndi *I walked home* mosakaniza kakhumi, inu muzilemba zomwe mwamva. Mukaphonya katatu kapena kuposa, vuto lili pamenepa. Phunzirani kuti *-ed* amamveka mwa njira zitatu:
- ngati t: *walked, stopped, washed*
- ngati d: *played, cleaned, moved*
- ngati id, pokhapokha mneni akathera ndi liwu la t kapena d: *wanted, needed*

2. Mneni woyamba yekha ndi amene wanyamula nthawi. M'Chichewa timati "tinafika n'kugula n'kubwerera", nthawi ili pa mneni woyamba basi, enawo angotsatira. Chingerezi sichilola zimenezo. Mneni aliyense anyamule katundu wake: *we arrived, bought tomatoes and returned*. Mukamaliza kulemba, dulani mzere kunsi kwa mneni aliyense m'ndime, muwaone mmodzimmodzi.

3. Aneni osatsatira lamulo la -ed. Ogwiritsidwa ntchito kawirikawiri alipo pafupifupi 200. Musawaloweze motsatira alifabeti, mutopa musanafike pa D. Aikeni m'mabanja a omveka mofanana: *buy, bring, think, teach, catch* amapereka *bought, brought, thought, taught, caught*, *speak, break, choose* amapereka *spoke, broke, chose*. Samalani ndi *fell* wochokera ku *fall* ndi *felt* wochokera ku *feel*.

4. Kuika nthawi yakale kawiri. *I didn't went, Did you saw him?* Mawu oti *did* anyamula kale nthawi, mneni abwerere patsinde: *I didn't go, Did you see him?*

5. Kuganiza kuti had ndi wa zinthu zakalekale. Ena amalemba *I had gone to Zomba in 2015* poganiza kuti 2015 ndi kale kwambiri. *Had* sayeza kutalika kwa nthawi. Amasonyeza kuti mwa zinthu ziwiri zakale, ichi ndi chimene chinayamba: *When we reached the depot, the bus had left.* Ngati chochitika ndi chimodzi chokha, *I went* ndi wokwanira.

## Have wakumana ndi yesterday

Chizindikiro: *I have seen him yesterday. She has arrived at seven o'clock.*

Apa mpofunika kudekha, chifukwa cholakwachi chimagwira ngakhale anthu amene amathyola Chizungu osapunthwa.

1. Kutenga "ndaona" kukhala I have seen nthawi zonse. Nthawi zambiri zimagwirizanadi: "ndadya" ndi *I have eaten*, "afika" ndi *they have arrived*. Koma Chichewa chimalola kunena kuti "afika seveni koloko m'mawa" kapena "amwalira usiku wathawu". Chingerezi chimakana. Mukangotchula nthawi yomwe inatha, monga *yesterday, last night, at seven, in 2020, two days ago*, mneni ayenera kukhala wa nthawi yakale wamba: *She arrived at seven. He died last night.*

Kuyesa kwake n'kosavuta. Funsani chiganizocho kuti "liti?" Chikayankha ndi nthawi yomwe inadutsa, chotsani *have*. Chikapanda kuyankha, kapena nthawiyo ikadapitirirabe mpaka pano, *have* akhale. Yerekezani ziganizo ziwiri izi:
- *Malawi became independent in 1964.* Chinachitika, chinatha, chaka chatchulidwa.
- *Malawi has been independent since 1964.* Chinayamba 1964 ndipo chikadali choncho lero.

Funso lomwe layamba ndi mawu oti *when* nalonso limafuna nthawi yakale wamba: *When did you arrive?* osati *When have you arrived?*

2. Aneni osonyeza mmene munthu alili. "Ndatopa", "wakwiya", "wagona", "wavala jekete" akuoneka ngati "ndadya", koma akunena za pakalipano. Chingerezi chake ndi *I am tired, he is angry, she is asleep, he is wearing a jacket*. Wolemba kuti *he has slept* pofuna kunena kuti mwana ali mtulo, wauza owerenga kuti mwanayo wagonapo kale, mwina wadzuka.

3. Kusokoneza gone ndi been. *She has gone to Mzuzu* ndiye kuti wapita, kuno kulibe. *She has been to Mzuzu* ndiye kuti anapitako n'kubwerako. "Munapitako ku Johannesburg?" ndi *Have you ever been to Johannesburg?*

4. Kusankha maonekedwe olakwika a mneni. Pambuyo pa *have, has, had* pamabwera maonekedwe achitatu: *have gone, have written, have begun*, osati *have went, have wrote, have began*.

## -ing ali paliponse

Chizindikiro: *I am knowing him. I am having three children. I am working here since 2019.*

Choyamba dziwani kuti apa Chichewa chimakuthandizani. Kusiyana kwa "ndimadya" ndi "ndikudya" ndi komweko kwa *I eat* ndi *I am eating*. Mukamva -ma- m'mutu mwanu, lembani mneni wamba. Mukamva -ku-, lembani *am, is* kapena *are* ndi *-ing*. Lamuloli limagwira ntchito bwino kupatula pa malo awa.

1. Aneni a maganizo, a mtima ndi a umwini. Timati "ndikudziwa", "ndikufuna", "ndikukhulupirira", koma Chingerezi sichiika *-ing* pa *know, want, need, believe, understand, belong, own, seem* akakhala ndi tanthauzo lawo la masiku onse. Ndi *I know, I want, it belongs to me*. "Ndikumva" ndi wovuta kwambiri poti ali ndi matanthauzo angapo: *I can hear* wa khutu, *I can smell* wa mphuno, *I understand* wa nzeru, *I feel* wa m'thupi. Fungo silimveka ndi *hear*.

2. Have wa umwini. "Ndili ndi ana atatu" ndi *I have three children*. *Having* amaloledwa pamene pali chochitika: *having lunch, having a meeting, having a bath*.

3. Chinthu chomwe chinayamba kale ndipo chikupitirira. "Ndikugwira ntchito kuno kuyambira 2019" chimafuna *I have been working here since 2019* kapena *I have worked here since 2019*. Mukaona *since* kapena *for* wa nthawi yofika mpaka lero, fufuzani ngati *have* alipo. Kenako onani kuti mwasankha woyenera:
- *since* amatsatiridwa ndi poyambira: *since Monday, since 2019, since I left school*
- *for* amatsatiridwa ndi kutalika kwa nthawi: *for three years, for two hours*

*Since three years* ndi cholakwa.

4. Use to pofuna kunena chizolowezi cha masiku ano. *I use to wake up at five* kulibe. "Ndimadzuka faifi" ndi *I wake up at five* kapena *I usually wake up at five*. *Used to* ndi -nka- wathu: "ndinkadzuka" ndi *I used to wake up*. Pomwe "ndinazolowera kudzuka" ndi *I am used to waking up*, ndi *-ing*.

5. "Ndikubwera" wonena uku ukuchoka. Mlendo amasokonezeka akamva *I am coming* kwa munthu amene akutuluka pakhomo. Nenani *I'll be right back*.

## -s wasowa, he ndi she asinthana

Izi sizifuna mawu ambiri. Zoyambitsa zake ndi izi, kuyambira chofala kwambiri:
- Khutu lomwe lija. *She work, he want* amachokera ku -s wosamveka. Mwininkhani akakhala mmodzi, *he, she* kapena *it*, mneni wa nthawi yatsopano amatenga -s. Pambuyo pa *does* ndi *doesn't* -s amachoka: *she doesn't work*.
- Mneni wagwirizana ndi dzina lomwe lili naye pafupi m'malo mwa mwininkhani: *One of my friends is here, The price of tomatoes has gone up.* Phimbani ndi chala mawu a pakatiwo muwerengenso.
- Mayina osawerengeka: *luggage, furniture, equipment, advice, information* satenga -s, ndipo mneni wake ndi *is*. *News* nayenso ndi *is*. *People* ndi *police* ndi *are*.
- "Iye" wathu sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, n'chifukwa chake pakamwa pamatuluka *my sister, he*. Polemba, zungulizani *he, she, his, her* aliyense, mulondole kuti akuloza yani.

## Will walowa posayenera

Chizindikiro: *When you will come, call me. If I would have money, I would buy it.*

1. -dza- wa mu "mukadzabwera". Ife timasonyeza tsogolo mbali zonse ziwiri: "mukadzabwera mudzandipeza". Chingerezi chimaika *will* mbali imodzi yokha. Pambuyo pa *when, if, before, after, until, as soon as, unless* wonena za nthawi kapena za chimene chiyenera kuyamba chachitika, mneni amakhala wa nthawi yatsopano: *When you come, you will find me. If it rains, we will plant.*

2. -kana- wa mbali zonse. "Ndikanakhala ndi ndalama ndikanagula" ali ndi -kana- kawiri, ndiye wolemba amaika *would* kawiri. Komanso chiganizo chimodzichi chingathe kunena za lero kapena za chaka chatha, pomwe Chingerezi chimasiyanitsa:
- za lero, zomwe sizili choncho: *If I had money, I would buy it.*
- za kale, mwayi unapita: *If I had had money, I would have bought it.*

Mbali ya *if* isakhale ndi *would*. Musanalembe dzifunseni ngati mukudandaula za lero kapena za kale.

3. Kusasiyanitsa if ndi when. "Akabwera" angakhale onse awiri. Ngati n'zotsimikizika kuti abwera, ndi *when*. Ngati mukukayika, ndi *if*.

## Aperekezi

Apa ndi pamene inki yofiira imathera. Aperekezi a Chingerezi alibe lamulo limodzi lowakwanira onse, choncho ntchito yagona pa kudziwa mtundu wa cholakwa chanu. Mitundu yake ilipo inayi.

### In, on ndi at asokonekera

Gwero lofala ndi kuganiza kuti mu ndi *in*, pa ndi *on*, ku ndi *at* kapena *to*. Zimagwira pa "m'nyumba" ndi "patebulo", kenako zimakutayani. "Pachithunzi" ndi *in the picture*, "m'basi" ndi *on the bus*, "pakhomo" ndi *at the door* kapena *at home*, "ndili ku Blantyre" ndi *I am in Blantyre*.

Pa nthawi, yambani ndi chaching'ono kupita ku chachikulu:
- *at* pa ola: *at six o'clock, at noon*, komanso *at night*
- *on* pa tsiku ndi deti: *on Monday, on 6 July, on Monday morning*
- *in* pa mwezi, chaka ndi nyengo: *in July, in 1994, in the rainy season*, komanso *in the morning*
- palibe mperekezi patsogolo pa *last, next, this, every*: *I saw him last Friday*, osati *on last Friday*

Pa malo:
- *in* pa dziko, mzinda ndi chipinda: *in Zambia, in Lilongwe, in the kitchen*
- *at* pa malo amene ukuwaona ngati poima kapena pochitikira zinthu: *at the bus stop, at school, at work, at a funeral*
- *on* pa chinthu chokhala ndi pamwamba, ndi pa zipangizo zofalitsira mawu: *on the wall, on the radio, on the phone, on Facebook*, koma *in the newspaper*

Pa maulendo: *by bus, by car, by bicycle*, koma wapansi ndi *on foot*. Munthu amakhala *in a car* koma *on a bus, on a train, on a plane*. *Arrive* amatenga *in* pa mzinda ndi *at* pa malo ang'ono, satenga *to*. *Home* safuna *to*: *go home*.

Awiri ena amene amasokoneza malipoti m'maofesi ndi *by* ndi *until*. "Pofika Lachisanu" ndi *by Friday*, "mpaka Lachisanu" ndi *until Friday*. Lipoti limaperekedwa *by Friday*. Munthu amakhala patchuthi *until Friday*.

### Mperekezi wawonjezedwa

"Tikambirane za nkhaniyi" amabala *discuss about*, "kufika ku" amabala *reach to*, "kulowa mu" amabala *enter into the room*. Aneni awa amalunjika pa dzina popanda mperekezi: *discuss the matter, reach Karonga, enter the room, request leave, emphasise the point, attend a meeting, marry someone*. Chomwe chimasokoneza n'chakuti mawu omwewa akasanduka dzina mperekezi amabwera: *a discussion about, a request for, emphasis on*. Choncho onani kaye ngati mwagwiritsa ntchito mneni kapena dzina. *Return back* ndi *cope up with* nawonso ali ndi katundu wowonjezera: *return* ndi *cope with* akukwana.

### Mperekezi wasowa

Chichewa chimabisa mperekezi mkati mwa mneni. Mu "ndifotokozereni" ndi "ndamulipirira", ka -er- ndi -ir- ndi kamene kakugwira ntchito ya *to* ndi *for*. Pomasulira, kamasowa, ndiye pamatuluka *explain me*. Oyenera kuwaloweza ndi awa: *explain to me, listen to, wait for, reply to, pay for the goods, apply for a job, apply to a company*. *Look* amasintha tanthauzo ndi mperekezi wake: *look at* kuyang'ana, *look for* kufunafuna, *look after* kusamala. Kukatenga munthu pa galimoto ndi *pick him up*, *up* asatsale.

### With m'malo mwa "ndi" aliyense

"Ndi" wathu amagwira ntchito zambiri, ndipo *with* amakwanitsa zochepa chabe mwa izo:
- kukwatirana ndi: *married to*
- kusiyana ndi: *different from*
- kufanana ndi: *similar to*, kapena *the same as*
- pafupi ndi: *near* kapena *close to*
- kudzaza ndi: *full of*
- yolembedwa ndi: *written by*
- kudula ndi mpeni: *cut with a knife*, apa ndiye *with* ali pamalo pake

Makonzedwe a mitundu inayi yonseyi ndi amodzi. Lekani kulemba mneni payekha m'kope lanu la mawu atsopano. Lembani mneni, mperekezi wake ndi chiganizo chimodzi cha moyo wanu: *I depend on my bicycle, She is good at mathematics.* Kumbukiraninso kuti mneni wobwera pambuyo pa mperekezi amatenga *-ing*. N'chifukwa chake kalata imathera ndi *I look forward to hearing from you*. *To hear* pamalo amenewa ndi cholakwa chomwe olemba anthu ntchito amachiona msanga, poti chimakhala pafupi ndi siginecha.

## Mawu ndi olondola koma chiganizo chapendama

1. Mwininkhani watchulidwa kawiri. *My mother she went to Dedza. Me I don't know.* Mu "amayi anapita", a- wa pa mneni akubwereza amayiwo, ndiye wolemba amamusandutsa *she*. Chingerezi chimafuna chimodzi, dzina kapena mlowam'malo. N'chimodzimodzinso "munthu amene ndinamuona": -mu- asasanduke *him*. Ndi *the man I saw* kapena *the man whom I saw*.

2. Funso lomangidwa Chichewa. "Mukupita kuti?" amabala *You are going where?* Mawu ofunsira apite kutsogolo, mneni wothandiza atsatire, kenako mwininkhani: *Where are you going? Why did he leave?* Koma funso likalowa mkati mwa chiganizo china, mawu amabwerera m'malo mwake: *Can you tell me where the bank is?* osati *where is the bank*.

3. Yes ndi no pa funso lokana. Wina akafunsa kuti "sunadye?" timayankha "eya", kutanthauza kuti zoona, sindinadye. M'Chingerezi yankho limatsatira zomwe zachitika, osati funso. *Haven't you eaten?* Ngati simunadye: *No, I haven't.* Ngati mwadya: *Yes, I have.* Cholakwa ichi si cha m'kalasi mokha. Kwa dokotala wachilendo amene wafunsa ngati simunamwe mankhwala, *yes* yekha angathe kusokoneza chithandizo. Yankhani ndi chiganizo chathunthu nthawi zonse.

4. Alumikizi awiri pa ntchito imodzi. "Ngakhale anadwala, koma anabwera" ndi Chichewa chabwino. *Although he was ill, but he came* ndi cholakwa. Sankhani *although* kapena *but*. Chimodzimodzi *because* ndi *so*.

5. "Kuti" aliyense wasanduka that. "Ndikufuna kuti mubwere" ndi *I want you to come*. Aneni ena amafuna *to*: *want, decide, refuse, promise*. Ena amafuna *-ing*: *enjoy, avoid, finish, mind*. *Make* ndi *let* safuna *to*: *she made me wait, let him go*. *Tell* amafuna wouzidwa, *he told me*. *Say* samutenga mwachindunji, *he said that* kapena *he said to me*.

6. Isn't it m'malo mwa "eti". "Eti" amakwana pa chiganizo chilichonse, koma kafunso ka kumapeto m'Chingerezi kamatengera mneni wa chiganizocho: *You are coming, aren't you? She left, didn't she?* Zikakuvutani polankhula, *right?* amakwana paliponse pocheza.

7. Borrow me. Chichewa chimasiyanitsa kubwereka ndi kubwereketsa, koma popempha timati "ndibwerekeni cholembera", ndiye *borrow me* amabadwa. Wotenga ndiye amachita *borrow from*, wopereka amachita *lend to*: *Please lend me your pen, May I borrow your pen?*

## Lamulo mukulidziwa koma mukulakwitsabe

Pamayeso osankha yankho mumakhoza, koma m'chimangirizo cholakwa chomwecho chimabweranso. Apa vuto si kusadziwa ayi, ndi chizolowezi, ndipo buku lina la galamala silikuthandizani.

- Gwirani cholakwa chimodzi pa sabata. Walira mvula walira matope: mukafuna kukonza zonse tsiku limodzi mumayamba kuopa kulemba.
- Tsiku lililonse lembani ziganizo zisanu za zomwe zakuchitikirani, zogwiritsa ntchito chinthu chimene mukukonzacho, n'kuziwerenga mokweza.
- Pochonga ntchito yanu, iwerengeni katatu: koyamba aneni okha, kachiwiri aperekezi okha, kachitatu kamangidwe. Maso sangasake zinthu zitatu nthawi imodzi.
- Yambirani chiganizo chomaliza kubwerera m'mbuyo. Nkhani ikasiya kukukokani, zolakwa zimaonekera.
- Pamayeso siyani mphindi khumi za kumapeto kuti muchite zimenezi.

Mapulogalamu a pa foni ndi pa kompyuta amagwira masipelo ndi -s wosowa, koma sadziwa ngati mumati *by* kapena *until*, *gone* kapena *been*, chifukwa onse ndi Chingerezi cholondola. Musavomere kusintha kulikonse komwe simukumvetsa chifukwa chake.

## Pamene muyenera kusiya kudzikonza nokha

- Mwalimbana ndi cholakwa chimodzi mwezi wathunthu osasintha. Mwina lamulo munalimva molakwika. Pitani kwa mphunzitsi wa Chingerezi ndi mapepala anu ochongedwa, akuoneni mukulemba ndi kufotokoza chifukwa chomwe mwasankhira mawu aliwonse.
- Simukuona chomwe chalakwika ngakhale adula mzere kunsi kwake. Kuyeserera panokha apa kumangokhwimitsa cholakwacho.
- Mayeso a MSCE ayandikira. Popanda kukhoza Chingerezi satifiketi simuipeza, ngakhale maphunziro ena mutakhoza bwino. Pezani mphunzitsi wodziwa kachongedwe ka MANEB akuchongereni zimangirizo zenizeni, zolembedwa pa nthawi yoikika. Amene akukonzekera IELTS, mayeso a Chingerezi a anthu ofuna kukaphunzira kapena kukagwira ntchito kunja, afunenso munthu wodziwa mayeso amenewo, poti ali ndi magawo anayi, kumvetsera, kuwerenga, kulemba ndi kulankhula, ndipo kachongedwe kake n'kosiyana ndi ka kusukulu.
- Chikalata chili ndi ndalama, malo kapena lamulo mkati. Mgwirizano wa lendi, wa ngongole, wa ntchito, kapena chikalata chogawira chuma cha masiye musachilembe kapena kuchisayina podalira malangizo ano. *Shall* ndi *may* amasiyanitsa chokakamiza ndi chongololedwa, ndipo *by* mmodzi amasuntha tsiku lolipira. Chionetseni kwa loya kapena kwa munthu amene ntchito yake ndi yomasulira zikalata.
- Mwana akusokoneza zilembo m'Chichewa momwe. Ngati akutembenuza b ndi d, kudumpha mizere, kapena kulemba mawu amodzi mosiyanasiyana pa tsamba limodzi m'zilankhulo zonse ziwiri, si nkhani ya galamala. Musamukalipire. Kambiranani ndi aphunzitsi ake kuti aonedwe ndi mphunzitsi wa ana ofunika chithandizo chapadera.
- Simumva mathero a mawu ngakhale munthu alankhule pang'onopang'ono muli naye pafupi, ndipo kunyumba amadandaula kuti mumakweza wailesi kwambiri kapena mumafunsa kawirikawiri kuti abwereze. Kayezetseni makutu kuchipatala musanalipire maphunziro ena aliwonse.